Kachipsera pa Mbedza

Waduka kachisanu ndi chiwiri.
Sulira n'komwe ukamaduka,
makina amangothamangabe okha,
kuboola nsalu timabowo topanda kanthu.

Kuno ku Steinbach, m'chipinda chapansi pa nyumba,
chipale chofewa chatseka theka la zenera.
Chofunda cha Mayi Toews ndachikunga pa felemu:
zigamba mazana anayi, zobiriwira ndi zofiirira,
thonje pakati.
Ukwati wa mdzukulu wawo uli Loweruka,
ndipo lero ndi Lachinayi.

Ndayamba ndi singano, poti ndiyo yosavuta kuinamizira.
Ndaika yatsopano, yonenepako pang'ono.
Ndasoka duwa limodzi.
Waduka.

Ndausolola wonse, ndaulowetsanso bowo ndi bowo,
ngati kuyendetsa mwana wosochera
panjira yomwe amadutsa tsiku lililonse.
Ndakhwefula kasikuluu, ndakamangitsanso.
Ndatulutsa bobini, ndaiika pachikhatho, ndakoka:
ikudzuka koma osanyamuka, mmene iyenera kuchitira.
Ndasesa fumbi la thonje ndi kaburashi,
latuluka lokwana chisa cha mbewa.
Dontho limodzi la mafuta.
Waduka.

Aron wafuula ali pamwamba, maso ali pa masewera a hoke:
"Mwinatu ulusiwo ndi wakale!"
Ndinagula mwezi watha, bambo inu.
Ndaukulunga kuzala, ndakoka mpaka walemba mzere pakhungu.
Ngwolimba ngati mtima wa mkulu wanga Hildy.

Ndaimbira Cornie, wokonza makina wa ku Winnipeg.
Akuyankha akutafuna kanthu.
"Nsonga yake ikuoneka bwanji?
Yadukiratu ngati mwadula ndi sizasi,
kapena yamwazika ngati ndevu za chimanga?"
Ndevu za chimanga.
"Ndiye pali chimene chikuudya.
Simunathyolepo singano posachedwapa?"

Ndakhala chete.

Lolemba lija. Foni ndaipanikiza paphewa,
Hildy akunena za famu ya malemu bambo,
kuti wogula wapezeka, kuti iye wasaina kale,
kuti nanga ine ndinapitako liti komaliza.
Manja anga anakankha makina ndi ukali wonse,
singano inagunda chitsulo n'kuthyoka patatu.
Ndinadula foni, ndinatola zidutswa ziwiri,
ndinaika singano ina, n'kukaphika.

"Muli pomwepo?" watero Cornie.
"Tengani sokosi ya nayiloni,
muidutsitse pa mbedza yozungulira bobini ija.
Pamene ikodwe, mpomwepo."

Ndagwada, tochi kukamwa, mandala pamphuno.
Sokosi ikutsetsereka, ikutsetsereka,
yakodwa.

Kachipsera.
Kochepa kuposa njere ya mchere.
Chala changa chadutsapo kawiri osakamva.
Umakamva ndi ulusi wokha,
umene umadutsa pamenepo kambirimbiri pa mphindi,
kusiyapo kaubweya ulendo uliwonse
mpaka utatha mphamvu.
Masiku atatu ndakhala ndikuutukwana,
ulusi wosalakwa.

Ndakwecha ndi sandipepa wosalala kwambiri,
pang'onopang'ono, ndikupumira,
poti Cornie wachenjeza kuti ukakwecha mopsa mtima
mbedza imatha, ndipo yatsopano
imatenga masabata awiri kuti ifike.
Sokosi kachiwiri. Yadutsa bwinobwino.

Duwa limodzi.
Tsamba. Duwa lina.
Mzere wonse kuchokera kumanzere mpaka kumapeto,
ulusi ukuyenda ngati sunadwalepo.
Ndikumasula timabowo ta dzulo ndi chikhadabo,
nsalu ikutseka yokha, Mayi Toews sadzaona kanthu.

Pamwamba wina wagoletsa, Aron waomba m'manja yekha.
Foni ili pampando, pafupi ndi sizasi,
nkhope yake yayang'ana pansi.
Ndaiyang'ana pomaliza mzere wachiwiri,
ndaiyang'ananso pa wachitatu.

Chidutswa chachitatu cha singano ija
sindinachipezebe.
Chili penapake pa kapeti iyi,
ndiye ndikusoka nditavala nsapato.